Mathiripisi: Kachilombo Kobisala M'duwa ndi M'nsonga za Tiyi

Nkhani yophunzitsa kwa olima maluwa, eni nazale ndi alimi a tiyi a kwa Changata, m'boma la Thyolo

 

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, pomva kuti nkhani ya lero ndi ya maluwa, mwadzifunsa chamumtima kuti kodi munthu amadya duwa? Funsolo sindilinyoza. Kuno kwathu malo ndi ochepa. Esiteti inatenga uku, phiri linatenga uko, ndipo kachigawo kamene kanatsala pakhomo timafuna tibzalepo chimanga, nandolo ndi chinangwa. Komabe tayang'anani bwino. Pa tchalitchi chilichonse pali amayi osamala maluwa a paguwa. Ukwati sudutsa popanda duwa, ndipo maliro akagwa timaluka nkhata. Pali abale athu amene malipiro awo a pamwezi amachokera m'minda ya maluwa ya nyumba za m'maesiteti, za kumishoni ndi za m'tauni. Palinso anyamata amene akulipirira azing'ono awo sukulu ndi ndalama za mbande za m'machubu zimene amagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Limbe. Kuonjezera apo, kachilombo kamene ndabwera kudzakamba sikasankha. Lero kali pa rozi, ndipo abale ake ali pa tiyi, pa anyezi, pa khobwe, pa mapeyala ndi pa makademiya. Wolima maluwa ndi wolima tiyi mdani wawo ndi wa fuko limodzi.

Kachilomboka ndi thiripisi. Ambiri a inu simunakaonepo ngakhale mwakhala nako zaka zonsezi, chifukwa wamkulu weniweni kutalika kwake ndi milimita imodzi kapena iwiri basi. Ndi woonda ngati kaduka ka ulusi wosokera. Ena ndi achikasu, ena abulauni, ena akuda bii. Ali ndi mapiko anayi opyapyala okhala ndi ubweya m'mbali, ndipo kuuluka sadziwa kwenikweni; amangodumpha, mphepo n'kumunyamula. Akatswiri anapeza mitundu yoposa 6,000 pa dziko lonse, koma yochuluka ilibe mlandu ndi ife. Ina imadya nkhungu pa masamba owola, ina imanyamula mungu, ina imadya tizilombo tinzake. Yowononga mbewu ndi yochepa chabe, kungoti yochepayo imagwira ntchito yake mwakhama.

Kadyedwe kake ndiye mutu wa nkhani yonse, choncho tidekhe pamenepa. Thiripisi satafuna tsamba monga achitira mbozi kapena dzombe. Nsagwada yake ya kumanzere yokha ndi imene inakula, ndipo ndi yosongoka. Amaboola nayo khungu la tsamba, n'kuyamwa madzi a m'timaselo ta pamwamba. Selo yoyamwidwayo imatsala yopanda kanthu, mumalowa mpweya, ndiye malowo amaoneka otuwa mbuu, monyezimira. Pakapita masiku amasanduka abulauni ndi okhakhala. Tsono thiripisi amakonda chanthete: kansonga kamene sikanatambasuke, duwa limene silinatseguke, chipatso chimene changoyamba kumene. Amabaya tsamba likadali kakang'ono, lopindika m'kati mwa nsonga. Tsambalo likamakula, chipsera nacho chimakula. Mbali yobayidwa imakanika kutambasuka pamene inzake ikutambasuka, ndiye tsamba limapotoka, duwa limatseguka mbali imodzi.

Izi zikutanthauza kuti chimene mukuona lero pa duwa lanu sichinachitike lero. Chinachitika sabata imodzi kapena masabata awiri apitawo, ndipo wochitayo mwina anasamukira kale pa mphukira ina. Munthu amene wadzidzimuka ndi chipsera n'kuthamangira botolo la mankhwala amakhala akupopera bala lakale. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa zonse zimene ndinene kutsogoloku zikuchokera pamenepa.

Amayi othyola tiyi, inu ndinu mboni zanga. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mukathyola masamba awiri ndi kansonga, mutembenuze tsambalo muone kunsi kwake. Nthawi zina mupeza mizere iwiri yabulauni, yokhakhala mukaikhudza ndi chala, umodzi mbali iyi ya msempha wapakati, wina mbali inayo, yoyenda motsatana ndi msemphawo. Mizereyo ndi njira imene kachilomboka kanadya tsamba likadali lokulungika. Masamba otere amakhala ang'onoang'ono, olimba, opindika, ndipo dengu limachedwa kudzaza. Mukafika pa sikelo mumati chaka chino dzuwa lanyanya. Dzuwa lanyanyadi, koma silili lokha. Mwini mizereyo ndi thiripisi wotchedwa Scirtothrips aurantii, kachikasu kakang'ono kosakwana n'komwe milimita imodzi. Katswiri wina wa ku South Africa, J. C. Faure, ndi amene anamutcha dzinali mu 1929, pamene kachilomboka kanasautsa alimi a malalanje kumeneko. Mukagula lalanje n'kupeza mkombero wotuwa wozungulira pamene panali phesi, imeneyo ndi ntchito ya kachilombo komweko. Kuno ku Malawi ndi mmodzi mwa adani odziwika a tiyi, ndipo bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo likulu lake lili ku Mimosa m'boma la Mulanje, lakhala likumufufuza kwa zaka zambiri. Amachuluka m'chilimwe, kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa. Mvula yamphamvu ikabwera amachepa okha.

Nanga n'chifukwa chiyani amachuluka mwamsanga chonchi? Wamkazi ali ndi kachida konga sowo kumapeto kwa mimba yake. Amang'amba nako tsamba, phesi kapena duwa, n'kulowetsa dzira m'kati mwenimweni. Simungalione, simungalitsuke. Pakapita masiku owerengeka mumatuluka kamwana kopanda mapiko, koyererako kapena kachikasu, ndipo kameneka ndiye kadyera kwambiri. Kamafundula, kamadyanso, kenaka m'mitundu yambiri kamagwa pansi kukabisala m'dothi kapena m'zinyalala, kumene kamakhala phee osadya kufikira mapiko atamera. Nyengo yotentha ulendo wonsewu, kuchokera dzira mpaka wamkulu woikira mazira ake, umatha m'masabata awiri kapena atatu. Nthawi ya chiperoni umachedwa. Ndiye palinso ichi chodabwitsa: wamkazi sadikira mwamuna. M'mitundu yambiri, mazira a wamkazi amene sanakumane ndi mwamuna amaswabe, n'kutuluka amuna. Mtundu wina umene nditchule posachedwapa, akazi amangobereka akazi anzawo popanda mwamuna n'komwe. Kanthambi kamodzi kokhala ndi mazira ochepa ndi kokwanira kudzaza nazale yonse.

M'munda wa maluwa, muyang'ane malo atatu. Oyamba ndi nsonga zanthete, kumene kumakhala Scirtothrips uja ndi abale ake. Achiwiri ndi masamba okhwima a zomera za pamthunzi, monga croton ndi azalea, ngakhalenso mapeyala ndi tiyi wa pansi pa mitengo. Kumeneko kumakhala Heliothrips haemorrhoidalis, wakuda wa miyendo yoyera, waulesi poyenda, yemwe uja ndati safuna mwamuna. Iyeyu savuta kumuzindikira chifukwa amasiya umboni: tsamba lotuwa mbuu lokhala ndi timadontho takuda tonyezimira, timene ndi chimbudzi chake. Malo achitatu, amene amapweteka thumba la wogulitsa maluwa, ndi m'kati mwa duwa lenileni. Rozi woyera amatseguka ndi m'mphepete mwabulauni ngati wawauka. Rozi wofiira amatuluka ndi timizere totuwa. Mphukira ina imangouma osatseguka. Muno mu Africa thiripisi wa m'maluwa wofala ndi Frankliniella schultzei. Amene mumabzala gladiolus muli ndi wanuwanu, Thrips simplex, amene maluwa akatha amatsikira ku mbatata ya duwalo n'kukhala pansi pa makoko ake mpaka mutadzabzalanso. Mukasunga mbatatazo osaziyang'ana, mwasunga ndi mdani yemwe.

Tsopano ndikutengereniko kunja pang'ono, kuti muone mmene duwa limayendetsera kachilomboka. Pali mtundu wotchedwa Frankliniella occidentalis. Kwawo ndi kumadzulo kwa North America, ndipo kwa zaka zambirimbiri unali wa kumeneko basi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 unayamba kufalikira, utakwera mbande ndi maluwa amalonda. Mu 1983 unapezeka m'nyumba zolimiramo maluwa ku Netherlands, dziko limene ndi msika waukulu wa maluwa pa dziko lonse. Mu 1987 unapezeka ku South Africa, mu 1989 ku Kenya. Kachilombo kosadziwa kuuluka bwino kanawoloka nyanja zazikulu m'zaka khumi zokha. Anakanyamula ndi anthu, m'mabokosi, pa ndege. Lero minda ikuluikulu ya rozi ya m'mbali mwa nyanja ya Naivasha ku Kenya imawononga ndalama zambiri polimbana nako, chifukwa duwa la chipsera ku Ulaya salifuna.

Ndipo si zakunja zokha zimene zimabwera kwa ife. Zathu nazo zimapita. Scirtothrips aurantii wathu uja wa m'tiyi anapezeka ku Brisbane m'dziko la Australia mu 2002. Sanamupeze pa tiyi, sanamupeze pa lalanje. Anamupeza pa Bryophyllum, chomera cha masamba onenepa cha ku Madagascar chimene anthu anapita nacho kumeneko kukakongoletsa pakhomo, chija chimamera tiana m'mphepete mwa masamba. Mu 2020 anapezekanso ku Huelva m'dziko la Spain, dera la malalanje ndi sitiroberi.

Ife a ku Thyolo sitifunika kuuzidwa zambiri pa nkhani ya mbewu yoyenda ndi matenda. Akuluakulu muli pano mukukumbukira mmene malole ankatulukira ku Molere ndi ku Thekerani atadzaza nthochi tho, ulendo wa ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Chisaka chitafika, minda yathunthu inatha psiti. Matenda amenewo amafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi, koma mitunda italiitali anayenda ndi ife tomwe, m'mbewu zimene tinkapatsana mwachikondi, wina kwa mlamu wake, wina kwa mnzake wa kumpingo. Munda wa pakhomo ndi khomo lolowera zabwino ndi zoipa zomwe. Ngakhale tiyi amene watizungulirayu analowera pomwepo. Mu 1878 Jonathan Duncan, wosamala munda wa mishoni ya Blantyre, anabwera ndi mbewu kuchokera ku Edinburgh, ndipo tiyi anayamba ngati chomera cha m'munda wa mishoniwo Henry Brown asanamubzale ku Mulanje mu 1891. Choncho inu amene mumabwera ndi kanthambi ka duwa m'chikwama pochokera ku Joni, kapena pooloka Ruo kuchokera ku Mozambique, dziwani kuti lamulo lofuna chilolezo polowetsa mbewu m'dziko silinaikidwe kuti likuvutitseni.

Chipsera si choopsa kwambiri chimene thiripisi amabweretsa. Mitundu ina, makamaka ya Frankliniella ija pamodzi ndi Thrips tabaci wa m'anyezi, imanyamula vairasi yotchedwa tomato spotted wilt, imene inayamba kuoneka ku Australia mu 1915. Imagwira tomato, tsabola, fodya, mtedza ndi mbatata ya kachewere, komanso maluwa monga dahlia ndi chrysanthemum. Masamba anthete amasanduka amkuwa, pamatuluka mikombero pa masamba ndi pa zipatso, chomera chimapinimbira. Mankhwala ake kulibe. Koma kafalidwe kake kali ndi pogwira. Thiripisi amatenga vairasi imeneyi akadali kamwana, podya pa chomera chodwala. Akakula amaifalitsa moyo wake wonse. Wamkulu amene sanaitenge paubwana, ngakhale adye pa chomera chodwala, saifalitsa. Ndiye chomera chimodzi chodwala chimene mwachisiya m'munda chifukwa cha chisoni, poti munachigula modula kapena anakupatsani ndi apongozi, ndi pamene pakuleredwa ana onse ofalitsa matendawo. Chizuleni, muchikwirire mozama kapena muchitenthe. Musachiponye pa dzala la kuseri kwa nyumba.

Nanga tichite chiyani? Chida choyamba si sipuleya ayi. Ndi pepala loyera. Ng'ambani tsamba limodzi la m'kope la mwana wa sukulu, mupite m'munda m'mawa mame atangouma. Ikani pepalalo pansi pa duwa kapena nsonga, mugogode nthambiyo ndi chala kangapo. Pagwa mungu, pagwa tizinyalala. Musathamangire kutaya. Gwirani pepalalo chilili, muliyang'anitsitse. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Posachedwa muona kamzere kena kakuyamba kuyenda, kothamanga, nthawi zina kopinda kumchira kwake m'mwamba. Ameneyo ndiye. Oyererako opanda mapiko ndi ana, ndipo mukaona ana ambiri dziwani kuti akuswana pomwepo, si alendo odutsa ndi mphepo. Duwa limene mukulikayikira litsegulireni pa pepalapo, kapena muliuzire mpweya wa m'kamwa pang'onopang'ono, atuluka okha. Muchite zimenezi sabata iliyonse, pa zomera zomwezomwezo, kuyambira Ogasiti, ndipo muzilemba chimene mwaona. Wa nazale amene amalemba amadziwa sabata imene chiwerengero chayamba kukwera, ndipo amachitapo kanthu chipsera chisanaoneke. Amene muli ndi galasi lokuzira zinthu, muziyenda nalo m'thumba.

Mungathenso kutchera. Dulani chigubu chapulasitiki, muchipake girisi kapena mafuta odzola okhuthala aja, muchipachike pamwamba pang'ono pa zomera. Mathiripisi a m'maluwa amakopeka kwambiri ndi mtundu wa buluu, pamene Scirtothrips amakonda wachikasu. Koma ndinene mosabisa: msampha umenewu ntchito yake ndi kukuuzani kuti mdani wafika. Sungamumalize. Wina akadzakuuzani kuti mapulasitiki okha athetsa vuto, mudzamumvere ndi khutu limodzi.

Chachiwiri ndi madzi. Chomera chaludzu ndi chimene chimagonja msanga, ndipo mathiripisi sakonda kunyowa. Ndikudziwa kuti mu Okutobala madzi ndi a pamutu, otunga kutali, ndipo sindingauze mayi kuti asiye ana ndi ludzu chifukwa cha rozi. Koma madzi otsukira ndiwo ndi mpunga alipo, ndipo mukaphimbira nthaka ndi udzu chinyezi chimakhalitsa. Mu nazale, kuthirira kuchokera pamwamba m'mawa kumagwetsa ana ambiri. Rozi yekha musamale naye: mukamunyowetsa masamba madzulo mwaitana matenda a madontho akuda. Feteleza nayenso musachulutse. Urea wambiri amatulutsa nsonga zofewa zodzaza madzi, zimene kachilomboka kamazifunafuna. Manyowa owolerana bwino ndi abwino koposa.

Kenaka ukhondo. Duwa likafota lidulenitu, ndipo lokayikitsa mulitsekere m'jumbo n'kuliika padzuwa, chifukwa m'kati mwake muli mazira ndi ana. Udzu wa maluwa wozungulira nazale ndi kothawira kwawo. Pamenepa ndikudziwa kuti tikangana ndi amayi, chifukwa pakati pa zomera zosunga mathiripisi ndi vairasi ija pali chisoso ndi bonongwe, zimene ndi ndiwo zathu. Sindikunena kuti muzitaye. Muzithyole zikadali zanthete, zisanachite maluwa, mukaphike. Mwapeza ndiwo, mwatsekanso khomo.

Eni nazale, ndili ndi mawu anu apadera, poti m'mera mpoyamba. Chomera chilichonse chatsopano, kaya mwagula ku Limbe, kaya wakupatsani ndi bwana wanu, musachiike pakati pa zinzake tsiku lomwelo. Chikhale pachokha, kutali, masabata awiri kapena atatu. Nthawi imeneyo ndi yokwanira kuti mazira obisika aswe, pepala loyera likuuzeni zoona. Podula nthambi zobzala, sankhani make wathanzi. Ndipo chonde, mbande zimene mukudziwa kuti zili ndi tizilombo musazigulitse pozichotsa masamba opotoka kuti wogula asaone. Lero mupeza ndalama, koma wogulayo sadzabweranso, ndipo mwina wanyamulira vutolo m'dimba la tomato la m'bale wanu.

Tifike pa mankhwala, pamene ambiri amafuna kuti ndiyambire. Maganizo anga ndi akuti m'minda yathu ya maluwa tikupopera kwambiri, mochedwa, ndiponso mankhwala olakwika. Kumbukirani moyo wa kachilomboka. Pa tsiku limene mukupopera, mazira ali m'kati mwa tsamba, ogona ali m'dothi, akuluakulu ambiri abisala m'kati mwa mphukira yotseka. Mankhwala amapeza ochepa amene ali poyera. Koma pamodzi ndi ochepawo amaphanso abwenzi athu amene amayenda poyera posaka: akangaude a ukonde, tizilombo tating'ono totchedwa Orius, takuda ndi toyera, timene timakhala m'maluwa n'kumabaya mathiripisi, ndi tinthata tolusa tosaoneka bwino ndi maso timene timadya ana awo. Alimi a rozi a ku Kenya amagula tinthata totereti ndi ndalama ku makampani monga Real IPM ya ku Thika, n'kumatimwaza m'minda. Bungwe la icipe ku Nairobi linapezanso mtundu wa nkhungu yotchedwa Metarhizium umene umapha mathiripisi. Anzathu akugula chimene ife tili nacho chaulere m'tchire ndi m'mipanda yathu, ife n'kumachipha ndi sipuleya.

Alimi a tiyi phunziro limeneli analiphunzira mowawa. Mankhwala a gulu la pyrethroid amagwetsadi mathiripisi msanga, koma kumene awathira mobwerezabwereza kumabuka akangaude ofiira, tchire la tiyi n'kufiira psuu. Wathamangitsa mdani mmodzi, waitana wina woposa. Pa rozi ndi pa tomato zimachitikanso chimodzimodzi. Chinanso, kachilombo koswana masabata awiri aliwonse kamazolowera mankhwala mwamsanga. Opulumuka amabereka ana opirira, ndipo pakutha pa nyengo zingapo botolo lomwe lija siligwiranso ntchito. Munthu amayamba kuonjezera mlingo, chivindikiro chimodzi chija n'kukhala zitatu, n'kumati mankhwala a masiku ano ndi achinyengo. Ena amati asintha mankhwala, chonsecho angosintha dzina. Cypermethrin, deltamethrin ndi lambda-cyhalothrin ndi ana a mimba imodzi; wopirira mmodzi kawirikawiri amapiriranso enawo. Dimethoate ndi wa gulu lina, koma ndi woopsa kwa munthu ndi kwa njuchi, ndipo maluwa ena amawawaula. Spinosad amagwira bwino mathiripisi, koma naye kumene anamudalira yekha tizilomboti tinamuzolowera.

Tsono ngati pepala lanu laonetsa kuti achulukadi, yambani ndi zofatsa. Madzi a sopo wamtanda pang'ono, kapena madzi a nimu, amachepetsa ana ngati mwanyowetsa kunsi kwa masamba ndi m'nsonga. Sopo waufa wochapira zovala amatentha masamba, musamugwiritse ntchito. Yesani kaye pa nthambi imodzi, mudikire masiku awiri muone. Amene mumaviika ombwe, kumbukirani kuti ndi yemwe uja amapha nsomba. Si wosewera naye pafupi ndi mtsinje kapena chitsime, ngakhale ndi wa m'tchire. Zikakanika zimenezi, pitani kwa alangizi akuuzeni mankhwala oyenera. Dulani kaye maluwa onse otseguka musanapopere, kuti mdani asowe pobisala ndiponso njuchi zisafe. Poperani madzulo dzuwa litapepa, kopanda mphepo. Mubwereze pakatha masiku asanu mpaka asanu ndi awiri, kuti mupeze amene aswa ndi amene atuluka m'dothi. Kupopera kamodzi n'kusiya ndi kutaya ndalama. Kenaka musinthe gulu la mankhwala. Valani zodziteteza, ngakhale kukutentha. Sipuleya musakaitsukire kumtsinje kumene ana amasamba.

Mankhwala ogulitsidwa pamsika m'timabotolo topanda chizindikiro, aja amangoti ndi amphamvu, asiyeni. Simudziwa chimene chili m'katimo, simudziwa mlingo wake, ndipo mwana akamwa adokotala sadziwa pogwira. Bungwe loona za mankhwala ophera tizilombo, Pesticides Control Board, lili m'boma lathu lomwe lino, ku Bvumbwe, ndipo mankhwala ovomerezeka amakhala ndi pepala lofotokoza mbewu zimene ayenera kuthiridwapo, mlingo wake, ndi masiku odikira musanakolole.

Masiku odikirawo andikumbutsa chinthu chimene chimandidetsa nkhawa koposa, makamaka kwa inu alimi ang'onoang'ono a tiyi amene maluwa anu ali pakhonde, tiyi ali kuseri kwa nyumba, dimba lili kunsi kwake. Mankhwala otsala mu sipuleya mutapopera maluwa musakamalizire pa tiyi kapena pa masamba a ndiwo poopa kutaya. Duwa silipita m'mimba mwa munthu, koma tiyi ndi mpiru zimapita. Tiyi wathu, kaya wadzera ku okushoni ya ku Limbe kaya wagulitsidwa mwachindunji, ogula akunja amamupima kuti aone ngati muli zotsalira za mankhwala, ndipo malire awo ndi okhwima. Masamba anu akafika ku fakitale amasakanizidwa ndi a anthu ena mazanamazana. Mankhwala osaloledwa akapezeka, sadzafunsa kuti ndi munda wa yani; dzina loipa ligwera tonse. Pa tiyi musathire kanthu kalikonse kamene alangizi a tiyi sanakuuzeni.

Ndisanakhale pansi, ndipemphe zinthu ziwiri. Kwa mafumu ndi azibusa: mukamva kuti mpingo kapena sukulu ikufuna kubzala maluwa ndi mitengo, funsani kumene mbande zikuchokera, ndipo limbikitsani kugula kwa ana athu a konkuno amene nazale zawo mungathe kukaziona ndi maso. Kwa inu nonse: mukaona chachilendo pa duwa, pa tomato kapena pa tiyi, monga mikombero pa masamba, nsonga zamkuwa, kapena tizilombo timene mankhwala akulephera, musabise ndiponso musagawire mnzanu mbewuyo. Dulani kanthambi, mukatsekere m'jumbo, mulembe tsiku ndi mudzi, mupereke kwa alangizi a dera lino kuti akafike nako ku malo a kafukufuku a Bvumbwe, kapena ku Mimosa ngati ndi tiyi. Chitani zimenezi sabata yomweyo imene mwaona, osadikira mvula.